Kompyuta ikamangozima n'kudziyatsa yokha, musathamangire kufomata

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene ali ndi kashopu kotayipa ndi kupulinta ku Chibavi, mu Mzuzu. Akuti kompyuta yawo ya patebulo, ya Windows 10, yayamba kumangozima n'kudziyatsanso yokha, mwina kawiri kapena katatu pa tsiku. Uthenga palibe, sikirini imangoti bii, kenako Windows n'kuyambiranso ngati palibe chachitika. Anyamata awiri osiyana aifomata kale (kufufuta zonse n'kuikanso Windows), ndalama zapita, vuto lili pompo. Kumapeto anawonjezera kuti: "Kawirikawiri zimachitika ndikangotumiza zinthu ku pulinta."

Mayi, mawu omalizawo ndi amene andipatsa poyambira. Koma choyamba, musalolenso munthu kuifomata. Windows yaikidwa kawiri konse matenda osasintha, ndiye kuti matendawo sali mu Windows. Kufomata kwangosanduka panado wa amisiri ambiri kuno, chilichonse akuti tifomate.

Ngati pulinta yanu ndi ya laser, ija ya tona, mwaonapo kuti pepala limatuluka lofunda. M'kati mwake muli chotenthetsa chimene chimasungunula tona kuti amatirire papepala, ndipo chikamayamba chimakoka magetsi ambiri nthawi imodzi, mawati mazanamazana. Tsono ngati pulinta, kompyuta, sikirini ndi tchaja ya foni zonse zili pa ekisitenshoni imodzi, ija yotchipa ya mumsika yomwe pulagi imachita kugwedera, magetsi amatsika kwa kamphindi. Pawa sapulayi, kabokosi kamene kamagawa magetsi m'kati mwa kompyuta, ikakhala yabwino imapirira. Yotopa imagonja, kompyuta n'kuzima. Yambani ndi zaulere: kompyuta ilumikizeni pa soketi ya pakhoma payokha, pulinta ipite pa soketi ina. Ekisitenshoniyo muiyang'anitsitse. Mabowo akakhala akuda kapena ikamanunkha pulasitiki wopsa, itayeni lero lomwe, isanakuotchereni shopu.

N'zothekanso kuti wolakwa ndi driver wa pulinta, kapulogalamu kamene kamathandiza Windows kulankhulana ndi pulintayo. Posiyanitsa, pali kanthu kamene Windows imabisa. Ikakumana ndi vuto lalikulu imaonetsa sikirini yabuluu, koma imadziyatsanso msanga moti munthu suona n'komwe. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani sysdm.cpl, pitani pa Advanced, kenako Settings ya pansi pa Startup and Recovery, muchotse kachizindikiro pa Automatically restart. Kuyambira pamenepo, ikagwa chifukwa cha driver kapena RAM (pamene kompyuta imasungira kwa kanthawi zimene ikugwira) idzaima pa buluupo, inu mujambule ndi foni mawu ali pamenepo. Ikapitiriza kuzima popanda buluu, ndiye kuti nkhani ndi ya magetsi kapena kutentha.

Mu Event Viewer, pulogalamu ya Windows yolemba zonse zochitika mu kompyuta, pansi pa Windows Logs ndi System, mukapeza Kernel-Power nambala 41. Ena akangoiona amati apeza matenda, pamene nambalayi imangonena kuti kompyuta inazima mosatsanzika, sinena chifukwa. Yothandiza ndi 1074: imeneyo imatanthauza kuti munthu kapena pulogalamu, monga Windows Update, ndiye inapempha kuti kompyuta iyambirenso. Mukapeza imeneyo pa nthawi imene inazima, pumani, si matenda.

Ine ndikuikayikira kwambiri pawa sapulayi, kabokosi kachitsulo kamene waya wa magetsi amalowamo kumbuyo. Ntchito yake ndi kusandutsa mavoti 230 a pakhoma kukhala 12, 5 ndi 3.3. Makompyuta ambiri a m'mashopu mwathu muno anabwera atagwira kale ntchito zaka zambiri kunja, ndipo timakapasita ta m'katimo timatopa, makamaka magetsi akamabwera mokwera n'kutsika. Chaka china ndinavutika masiku atatu ndi kompyuta ya mlamu wanga ku Luwinga. Ndinasintha RAM, ndinasintha hadi disiki, osatheka. Tsiku lachitatu ndinaunika ndi tochi pa fani ya kumbuyo ya pawa sapulayi, n'kuona mphemvu zouma zitadzaza ngati zinali ndi msonkhano. Nditabwereka pawa sapulayi ina n'kuikamo, kompyuta inagwira ntchito usiku wonse osatsokomola. Njira yake ndi yomweyo: mmisiri abwere ndi ina yoti ayesere musanagule. Akakana kuyesa, n'kumangoti gulani, pitani kwina. Ndipo musaitsegule nokha, chifukwa imasunga magetsi ngakhale mutazula pakhoma. Ngati kompyuta yanu ndi Dell kapena HP yathyathyathya ija, pokagula nyamulani yakaleyo, poti zambiri zili ndi mapulagi akeake osagwirizana ndi pawa sapulayi wamba.

Za kutentha anthu amandiseka. Akuti ku Mzuzu kozizira chonchi, kumene mu Juni timagona ndi majuzi, kompyuta ingatenthe bwanji? Purosesa, ubongo wa kompyuta, sidziwa kuti kunja kuli chifunga. Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala limalowa, chinyezi cha dzinja n'kuligwirizanitsa, mapeto ake pansi pa fani pamakhala ngati pafundidwa bulangete. Zulani waya pakhoma, tsegulani chitseko cha m'mbali, muone. Chotsani fumbilo ndi bulashi yofewa youma kapena chopemerera, mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire. Mukayatsa, onetsetsani kuti mafani onse akuzungulira. Pulogalamu yaulere ya HWMonitor imaonetsa kutentha kwa purosesa. Ikamafika madigiri 90 mukungotayipa kalata, pakufunika thermal paste watsopano, phala lopaka pa purosesa kuti kutentha kuzituluka. Ndanena thermal paste, osati mankhwala otsukira mano. Ndinazionapo zimenezo. Kungoti kutentha nthawi zambiri kumazimitsiratu kompyuta m'malo moiyatsanso, n'chifukwa chake kwa inu sindikukuika patsogolo.

RAM ndi yosavuta, ndi kabolodi kakatali kozikika pa motherboard, bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta. Itulutseni, pukutani mano ake agolide ndi labala ya pensulo, muibwezere mpaka timakutu ta m'mbali titseke. Zikakhala ziwiri, yesani imodziimodzi. Windows ilinso ndi choyezera chake: Windows ndi R, lembani mdsched.exe. Mabokosi ena ali ndi kabatani ka Reset kutsogolo, ndipo kakamatirira kamachita zomwezi. Mmisiri angozula kawaya kake pa motherboard, kompyuta imayenda popanda iko.

Mukapeza kangachepe gulani UPS, kabokosi ka batire kosunga kompyuta yoyaka magetsi akatsika kapena kuzima, koma pulinta ya laser musailumikizepo, imailemera. Ndipo zonsezi musanayambe, kopani ntchito za makasitomala anu pa fulashi, chifukwa kuzima kwadzidzidzi kumawononga mafayilo, ndipo wophunzira wa ku Mzuni amene ripoti lake latayika usiku woti mawa akapereka sadzamva za pawa sapulayi. Siyanitsani masoketiwo kaye, mugwire ntchito masiku awiri, kenako mundilembere ngati buluu uja waoneka.