Kuyankha amalume za gemu ya Tekken Tag

Amalume, mwaswera bwanji? Ndaona funso lanu mu gulumu, loti msuweni wangayo akukuumirizani kuti mumugulire Tekken Tag, gemu yomenyana ija, ndiye mukufuna kudziwa ngati ili yoti mwana wa zaka 13 angaiphunzire. Ndati ndingoyankha ndi mawu, kulemba kungatalike. Pepani phokosolo, ndi makombi, ndili pamsewu.

Inenso ndine mlendo pa gemuyi, ndayamba mu Epulo momwemu, pa kashopu kena kuno ku Mufakose mu Harare komwe anyamata amakhala pabenchi n'kumalandizana ma controller. Imene timasewera ndi Tekken Tag Tournament 2, ya pa PlayStation 3, inatuluka mu 2012. Mabatani ake savuta: anayi, lililonse ndi chiwalo. Square ndi dzanja lamanzere, triangle lamanja, X mwendo wamanzere, circle wamanja. Zimenezo tsiku limodzi azigwira. Chovuta ndi batani lachisanu, losinthira omenya.

Mumasankha omenya awiri, wina ali m'bwalo, wina akudikira panja. Ndiye apa mumvetsetse amalume: mmodzi yekha mphamvu zikamuthera, raundi yonse yapita, ngakhale mnzakeyo asanakhudzidwe n'komwe. Si ngati gemu ina ija ya Marvel vs. Capcom 2 komwe muli ndi atatu ndipo mumamenyabe mpaka womaliza agwe. Ine sabata yoyamba ndinkatenga Eddy Gordo, wa capoeira uja, kamenyedwe kooneka ngati kuvina, chifukwa ukangodinadina X ndi circle amazungulira yekha, miyendo m'mwamba. Maso onse pa Eddy. Agwa, ndiyang'ana pamwamba pa TV, ndipeza mzere wa mphamvu wa King, womenya wanga wachiwiri, uli wodzaza, sanaponye ndi chibakera chimodzi chomwe. Zinkandipweteka mumtima, ndinkafika kunyumba nsima osaimva kukoma.

Mnyamata wina wa pashopupo, agogo ake anachokera ku Dedza, ndiye anandikhazika pansi. Anandilozera ndi chala kachigawo kofiira pa mzere wa mphamvu, nati kameneko sikanapite, ukamutulutsa munthuyo akapume kamabwerera pang'onopang'ono. Kungomva zimenezo ndinayamba kusintha paliponse, ndiye ndinagwa m'dzenje lina: wolowayo amabwera chothamanga, alibe chodzitchinjiriza nacho, mdani wochenjera amangomudikira n'kumunyamula m'mwamba, nkhonya zotsatizana asanatere pansi. Zinanditengera pafupifupi mwezi kuti manja azolowere kusintha pokhapokha mdani ndamugwetsa kapena ali patali. Mutu umakhala ukudziwa kale, koma chala chimathamanga chokha mtima ukagunda.

China chimene ndinachedwa kuchilemekeza ndi kutchinga. Kukankhira kumbuyo mumatchinga zapamwamba, pansi ndi kumbuyo limodzi mumatchinga zakumiyendo. Tsiku limene ndinapambana koyamba sindinachite chodabwitsa chilichonse. Ndinangotchinga, n'kudikira, Eddy atafooka ndinamutulutsa nthawi yake, King n'kumaliza ndi kugwira kumodzi. M'manja munali thukuta lokhalokha.

Ndiye mugulireni, angaikwanitse. Pachikuto cha ku America analembapo T, kutanthauza zaka 13 kupita m'tsogolo, koma zovala za omenya ena aakazi n'zoonetsa thupi, muziyang'ane nokha kaye. Mumuuze asankhe awiri okha akhale nawo mwezi wathunthu, asamadumphedumphe, omenya alimo oposa 50 ndipo angamusokoneze. Alowenso ku Practice, kumene mdani amangoima osabwezera.

Ndipo ngati mungathe, gulani ma controller awiri. Muli Pair Play m'menemo, anthu awiri timu imodzi, aliyense ndi womenya wake. Inu mutenge Paul, ngosavuta, ali ndi chibakera chimodzi cholemera kwambiri. Mwanayo akafooka azikuitanani kuti mulowe. Loweruka ndikapeza ya kombi ndibwera ku Highfield ndidzakuonetseni nonse awiri. Mupereke moni kwa azakhali.