Funsani Tikuyankheni: Kutsetsereka pa sinowo ya m'nyumba koyamba

Funso: Anzanga akuntchito akonza zoti mwezi wamawa tipite ku The Snow Centre ku Hemel Hempstead. Chibadwire sindinavalepo ski, timatabwa titalititali tija tovala kumapazi potsetsereka pa sinowo. Kodi ndingathe kungofika n'kukwera nawo pamwamba? Nanga ndivale chiyani? (Mayi wa ku Luton)

Yankho: Ayi mayi, tsiku loyamba pamwamba simukwerapo. Malo ambiri otere ku Britain salola munthu kupita pamtsetse waukulu asanasonyeze kuti amatha kuchepetsa liwiro, kukhotera mbali zonse ziwiri, kuima, ndi kukwera payekha lifiti yokweza anthu pamwamba pa mtsetse. Mtsetse waukulu wa ku Hemel Hempstead ndi wa mamita 160, ndipo munthu wosadziwa kuima amakawomba anzake kumunsi. Lembetsani phunziro la oyamba kumene, lomwe limachitikira pa kamtsetse kakang'ono ndi mlangizi. Nthawi zambiri ma ski, jombo ndi helemeti zimakhala mu mtengo wa phunzirolo, koma magolovesi mubwere nawo anu chifukwa popanda iwo sakulowetsani. Fikani kudakali mphindi 45 kapena ola lathunthu, poti kuyeza jombo kumadya nthawi.

M'katimo mumazizira pakati pa madigiri -2 ndi -6. Chisanu cha ku Dedza mu Juni sichifika pamenepo, koma poti mulibe mphepo, n'kopiririka. Valani zovala zitatu zosanjikiza: chopyapyala chogwira thupi, juzi, kenako jekete losalowa madzi, ndi buluku losalowanso madzi. Jinzi isiyeni kunyumba. Nsalu ya thonje ikanyowa siuma msanga, ndipo oyamba kumene amakhala pansi pa sinowo kambirimbiri.

Pa jombo m'pamene ambiri amalakwitsa. Valani masokosi peya imodzi yokha, aatali ofika m'munsi mwa bondo, osalimba kwambiri. Mapeya awiri amapindana n'kutulutsa matuza, komanso amafinya phazi magazi osayenda bwino, zala n'kuzizira kuposa poyamba. M'jombo musalowe china chilichonse: mwendo wa buluku ukhale kunja. Mukaimirira chilili zala zikhudze pang'ono kutsogolo, mukapinda mawondo zibwerere m'mbuyo, chidendene chisanyamuke. Jombo yaikulu imamveka bwino mukakhala pabenchi, koma pa sinowo phazi limasewera m'kati ndipo ski simva zimene mwendo ukuiuza.

Wopereka zipangizo adzakufunsani msinkhu, kulemera, zaka ndi luso lanu. Muuzeni zoona, ngakhale kunena makilogalamu pagulu kumachititsa manyazi. Ndi manambala amenewo amene amachunira chopanira jombo pa ski kuti chimasuke mukagwa. Chikalimba kwambiri ski sichoka ndipo bondo ndi limene limapotokola. Chikalefuka kwambiri ski imavuka muli pakati pokhota. Ma ski a woyamba amakhala aafupi, ofika cha pachibwano.

Chinthu chachikulu chimene mudzaphunzire ndi kaimidwe kotchedwa snowplough. Nsonga zakutsogolo za ma ski muziyandikizane, pakati pangotsala mpata wa chibakera, ndipo zidendene muzikankhire kunja. Mukatambasula kumbuyoko liwiro limachepa, mukatambasula kwambiri mumaima. Kukhota kumadabwitsa poyamba: pofuna kupita kumanzere mumatsamira phazi lakumanja. Mawondo akhale opinda pang'ono, miyendo ikutsamira lilime la jombo, manja patsogolo ngati mwanyamula lichero, maso kumene mukupita. Mantha amakankhira munthu chammbuyo, ndipo ukatsamira m'mbuyo nsonga za ma ski zimapepuka, ma ski n'kuthawa kutsogolo. Oyamba ambiri amagwa chifukwa cha zimenezi. Amene amayang'ana pansi nayenso amapingasitsa nsonga.

Mukaona kuti zavuta, gwerani chammbali ndi ntchafu, osati chagada kapena modalira zikhato. Podzuka, ikani ma ski kumunsi kwanu mopingasa mtsetse, apo ayi adzayamba kuyenda musanaimirire. Ndodo zogwirizira m'manja potsetsereka aphunzitsi ambiri sapereka tsiku loyamba, ndipo n'zabwino, chifukwa kugwa ndodo ili m'manja kumabinya chala chachikulu.

Lifiti ya oyamba m'malo ambiri imakhala lamba woyenda amene mumangoimapo. Ya pamtsetse waukulu kawirikawiri ndi chitsulo chokhala ndi kambale kumapeto, komwe mumakapana pakati pa miyendo. Musakhalepo. Si mpando, ntchito yake n'kukukokani muli chiimire, ma ski atalunjika kutsogolo. Mukagwa kasiyeni, mufutukire pambali msanga.

Funso: Ndili ndi malukidwe aatali a mesh, ndipo ndikufuna kukayesa ku Ski Dubai. Helemeti idzandikwana? (Mtsikana wa ku Dubai)

Yankho: Ikhoza kukwana, chemwali, malinga ndi m'mene mwamangira. Musaunjike tsitsi pamwamba pamutu. Limangeni m'munsi, cha pakhosi kumbuyo, kuti litulukire pansi pa helemeti. Yezani mutu ndi tepi ya telala pamwamba pa nsidze, tsitsi lili momwe lidzakhalire tsikulo, ndipo mupemphe saizi ya masentimita amenewo. Helemeti yabwino imakhala chopingasa, kuphimba chipumi, ndipo sigwedera mukapukusa mutu lamba asanamangidwe. Yokhala pamwamba pa mulu wa tsitsi imavuka pogwa. Chipewa chokhuthala cha ulusi pansi pake chimasokonezanso, koma kansalu kopyapyala ka satini kalibe vuto. Malukidwe aatali alowetseni m'jekete kuti asakodwe pa lifiti.

Ski Dubai ili mu Mall of the Emirates, inatsegulidwa mu 2005, ndipo mtsetse wake wautali ndi wa mamita pafupifupi 400. Mpweya wa m'katimo ndi wouma, choncho pakani mafuta pamilomo ndi kumwa madzi musanalowe, ngakhale ludzu simukulimva.

Funso: Mwana wanga wa zaka 9 ali ndi matenda a magazi a sickle cell, ndipo kusukulu kwawo akukonza ulendo wa ku SnowDome ku Tamworth. Ndimulole? (Bambo wa ku Birmingham)

Yankho: Bambo, musasaine kalata ya kusukuluyo musanalankhule ndi dokotala kapena namwino amene amamuona. Kuzizira kumachepetsa mpata wa m'mitsempha ya magazi, ndipo kukaphatikizana ndi kutopa komanso kuchepa kwa madzi m'thupi kumatha kuyambitsa ululu woopsa uja wa sickle cell. Zinthu zitatuzi zimapezeka pamodzi pa sinowo. Akaloledwa, avale zofunda bwino, magolovesi akhale mapeya awiri osinthira akanyowa, amwe madzi pafupipafupi, azituluka kukawotha m'malo mokhalitsa m'kati, ndipo mphunzitsi wopita nawo adziwe zizindikiro ndi mankhwala ake. Akangoyamba kumva kupweteka m'mafupa kapena pachifuwa, atuluke nthawi yomweyo ndipo alandire thandizo. Makolo a ana a mphumu amvenso: mpweya wozizira ndi wouma umabanikitsa, ndiye inhela ikhale m'thumba la jekete, osati mu loka.

Funso: Ndiyambe ndi ski kapena snowboard? (Mnyamata wa ku Leeds)

Yankho: Ngati muli ndi tsiku limodzi lokha, achimwene, tengani ski. Miyendo imayenda payokhapayokha ndipo mumayang'ana kutsogolo, motero ambiri amatha kuima pa phunziro loyamba. Pa snowboard mapazi onse amangidwa pa thabwa limodzi, masiku oyamba mumagwa kwambiri, ndipo chovulala kawirikawiri ndi pamfundo ya dzanja. Mukasankha imeneyo valani zotetezera pamfundopo, ndipo pogwa fumbatani zikhato kuti mugwere pamikono. Pafupi nanu pali Snozone ku Castleford, komwe amaphunzitsa zonse ziwiri.