Achimwene anu anakula movutika, inde, koma alamu anu analakwa chani?

Mayi wina wa ku Salima wanditumizira imelo, dzina sinditchula. Akuti makolo awo anamwalira motsatizana chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, iwo ndi achimwene awo anatengedwa ndi amalume omwe ankawamenya komanso kuwamana nsima. Achimwenewo sukulu anasiyira Sitandade 5 nkupita ku Senga Bay kukakoka nawo makoka. Pano ali ndi ana atatu, amamwa, amamenya akazi awo, ndipo mwezi watha anatenga mpamba wa geni ya usipa ya mayiwa osapempha. Abale akungoti "akhululukire, ukudziwa mmene anakulira, chibale ndi fupa sichiola." Ndiye akufunsa kuti kodi akakana ndiye kuti ndi oipa mtima?

Ayi achemwali, simuli oipa mtima.

Ndiyambe ndi achimwene anuwo chifukwa sindikufuna tiwaone ngati chilombo. Ana omwe anasiyidwa zaka zimenezo anaona zinthu. Matenda ankatenga makolo nyumba ndi nyumba, ma ARV aulere anadzayamba mu 2004 ambiri atapita kale, pakati pomwepo kunabwera njala ya 2002 anthu mpaka kudya zitsa za nthochi, ndiye mwana wamasiye m'nyumba ya eni ndi amene ankadya pomaliza ngati kwatsala. Mwana amene akumenyedwa tsiku ndi tsiku amaphunzira kuti wamphamvu ndi amene amakhala ndi mawu pakhomo. Kenako mumutenge mwana yemweyo mukamusiye kunyanja, pakati pa azibambo omwe ndalama amaigwira m'mawa bwato likakocheza, pofika madzulo yathera ku kachasu, palibe womuuza kuti iwe kagone. Zimenezi zimamupanga munthu, ndipo amene amati "zakale ndi zakale basi" sanagonepo ndi njala kukhitchini kwa amalume. Zimandiwawa ndithu ndikamaganiza za mnyamata ameneyo.

Koma mnyamatayo pano ndi bambo. Mmene anakulira zikutiuza komwe ukaliwo unachokera, sizikuwapatsa chilolezo. Inunso munadya mbale yomweyo, ndodo yomweyo inakupezani. Sindikunena kuti poti inu mwalimba ndiye iwonso akanangolimba, anthu mabala sapola mofanana, koma zikuonetsa kuti njira ina inalipo ndipo ikadalipo. Ndipo taonani, akakwiya samenya mwini bwato kapena a polisi eti? Amadikira afike kunyumba. Ndiye kuti kudzigwira amakutha ndithu, amangosankha pomwe angatulutsire.

Chomwe chandivuta kwambiri mu imelo yanu si mpamba ayi, ndi alamu anu ndi ana aja. Inu mutha kukhululuka za ndalama zanu chifukwa ndi zanu, koma mabala a alamu anu simungawakhululukire m'malo mwawo, ngakhale abale onse atakhala pansi pa mtengo nkugwirizana. Ndipo ana atatuwo akukula akuonerera zomwezo zimene bambo awo anaona, ndiye zaka zikubwerazi tidzakhalanso pansi kumati "mukhululukireni, mukudziwa mmene anakulira." Malawi ili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 komanso loteteza ana la 2010. Ku polisi kuli Victim Support Unit, ku boma kuli ofesi ya Social Welfare, ndipo khoti litha kupereka chiletso choti munthu asiye nkhanza. Kupita kumeneko si kugulitsa m'bale. Mukhoza kuyamba ndi ankhoswe, koma ngati ankhoswe akungoti "pirirani, banja ndi kupirira" munthu diso litatupa, pitirirani.

Za kukhululuka, khululukani ngati mtima wanu wafika, zimapepukitsa, ndipo musalole wina akuikireni tsiku. Koma kukhululuka sikutanthauza kuti muwauzenso pomwe mumasunga ndalama kapena PIN ya Airtel Money. Mukafuna kuthandiza gulani ufa mupereke kwa alamu, yunifolomu ndi makope a ana gulani nokha, ndalama m'manja ayi. Ndipo mpamba uja auzeni maso ndi maso, pali mboni, kuti ndi ngongole, azibweza olo K5,000 pa sabata nsomba zikaphedwa. Munthu amene wasinthadi amaoneka pamenepo, komanso amatha kunena kuti "ndinalakwa" osawonjezerapo "koma amalume aja".

Akavomera kuti mowa wawagwira, musawasiye okha, aperekezeni kuchipatala cha boma mukafunse za uphungu, kapena ku Saint John of God ku Lilongwe komwe amathandiza za mowa ndi maganizo, kuchoka ku Salima ndi ulendo wa tsiku limodzi kupita nkubwera. Koma sabata ino yambani mwakaona alamu anu panokha, achimwene ali kunyanja, muwafunse kuti iwowo akufuna chani.