Musachotse kaye Outlook, yambani mwaona pomwe linki ikukanirira

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mukuti mukadina adiresi ya imelo pa webusaiti, Outlook sikutseguka, nthawi zina kumangobwera tsamba loyera lopanda kanthu, ndiye mukufuna kuichotsa n'kuiikanso. Taimani kaye. Nthawi zambiri Outlook imakhala ilibe mlandu, ndipo mungataye tsiku lonse n'kupeza vuto lili pomwepo.

Linki imeneyi sidziwa n'komwe kuti pakompyuta panu pali pulogalamu ya imelo monga Outlook kapena Thunderbird. M'kati mwake mumangokhala mawu akuti mailto: kenako adiresi, basi. Mukaidina, browser (pulogalamu yotsegulira mawebusaiti, monga Chrome, Edge kapena Firefox) imapatsira Windows, ndipo Windows imayang'ana kuti ndi pulogalamu iti yomwe inalembedwa kuti izilandira za mailto, n'kuidzutsa. Ndiye katunduyu amadutsa m'manja atatu. Ntchito yathu ndi kupeza dzanja lomwe likumugwetsa.

Chitani ichi musanakhudze china chilichonse. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R. Pakabokosi katulukeko lembani mailto:test@example.com ndipo mudine Enter. Musaope, palibe kalata yomwe ipite kwa munthu, ndipo example.com ndi dzina lomwe linasungidwa kuti anthu aziperekera zitsanzo. Apa browser mwailambalala, mwafunsa Windows yeniyeniyo.

Outlook ikapanda kutseguka, kapena kukatseguka pulogalamu ina yomwe simuigwiritsa ntchito, vuto lili mu Windows. Pa Windows 11 lowani mu Settings, kenako Apps, kenako Default apps. Pamwamba pali malo olembapo, lembani MAILTO, ndipo muona pulogalamu yomwe yagwira malowo. Idineni musankhe yanu. Pa Windows 10 njira ndi yomweyo, koma mukafika pa Default apps musangosintha pomwe palembedwa Email n'kuchoka. Tsikani pansi pa Choose default apps by protocol, mufufuze MAILTO, muone ndi maso anu kuti pali Outlook. Ambiri amaphonya pamenepa.

Apa pali msampha womwe wakola anthu ambiri masiku ano. Windows inkabwera ndi kapulogalamu kake kotchedwa Mail, ndipo Microsoft inasiya kukathandiza pa 31 December 2024, m'malo mwake n'kubweretsa Outlook yatsopano. Ndiye pamndandanda paja mutha kupeza ma Outlook awiri, ina ya new (yatsopanoyo), ina ya classic (yakale), zizindikiro zake zofanana ngati mapasa. Ngati makalata anu onse ali mu classic inu n'kusankha new, linki izitsegula pulogalamu yomwe ikupempheni kuti mulowetse akaunti, inu n'kumadabwa kuti makalata anga apita kuti. Sanapite kulikonse, mwangogogoda khomo la eni.

Tsono ngati kuyesa kuja Outlook inatseguka bwinobwino, Windows isiyeni, wolakwa ndi browser. Tsamba loyera mukunenalo likundipangitsa kukayikira komweko. Zimachitika motere: tsiku lina mukutsegula Gmail kapena imelo ina ya pa intaneti, panatuluka kafunso kopempha kuti webusaitiyo izitsegula malinki onse a imelo, inu mothamanga munadina Allow osawerenga. Ine ndinazichitapo, ndipo ndinatha sabata ndikukalipira kompyuta pomwe wolakwa chinali chala changa. Mukangodina Allow, browser sipatsiranso Windows, imadzisungira yokha. Mu Chrome lembani chrome://settings/handlers pamalo olemba adiresi, muone ngati pali webusaiti yomwe yalembedwa pa imelo, muichotse. Edge nayo ili ndi malo otchedwa Protocol handlers m'ma Settings ake. Mu Firefox ndi Settings, General, mutsike mpaka pa Applications, pamzere wa mailto musankhe pulogalamu yanu kapena Always ask. Mukatero tsekani browser yonse, muitsegulenso. Zikakanikabe, yesani linki yomweyo mu browser ina, kapena muzimitse ma extension (timapulogalamu towonjezera mu browser) kwa kanthawi, poti ena a iwo amalanda malinki a imelo.

A Mac omwe mukuwerenga nawo: zanu zili m'kati mwa pulogalamu ya Mail, pa Settings, General, Default email reader, ngakhale Mail yomweyo musamaigwiritse ntchito.

Pali funso lina lomwe simunatiuze. Kodi zikukanika pa webusaiti iliyonse kapena pa imodzi yokha? Ngati ndi imodzi, kompyuta yanu ili bwino, linkiyo ndiyo inalembedwa mopotoka. Ikani mouse pamwamba pake osadina, muyang'ane pansi kumanzere kwa browser. Pazioneka mailto: kutsogolo kwa adiresi. Olemba ena amaiwala mawuwa, ndiye browser imayesa kuti ndi dzina la tsamba n'kukuuzani kuti tsambalo kulibe. Ena amaika mutu ndi uthenga wonse m'linki momwemo, pogwiritsa ntchito ?subject= ndi &body=, koma osasintha mipata kukhala %20 monga mwa malamulo a mailto a mu RFC 6068 ya 2010. Uthenga ukatalika kwambiri, kufika cha m'ma 2,000 zilembo, linki pa Windows imatha kudulidwa kapena kungokhala chete. Zotere simungazikonze inu. Dinani linkiyo ndi batani lakumanja, mukopere adiresi, muiike nokha m'kalata yatsopano.

Ngati kompyutayo ndi ya kuntchito ndipo mukasintha lero mawa zikubwereranso, musalimbane nayo. Pamakhala malamulo omwe a IT anaika, omwe amabwezera zonse mmene zinalili mukangolowa. Auzeni iwowo asinthe.

Zonsezi zikalephera, ndiye pomwe mungaikhudze Outlook, komabe osati kuichotsa. Ngati ndi classic, pezani Microsoft 365 kapena Office pamndandanda wa mapulogalamu mu Settings, musankhe Modify, kenako Quick Repair. Imatenga mphindi zochepa ndipo makalata anu saikhudza.

Yesani kaye za Windows ndi R zija, mubwere mutiuze chomwe chatseguka, komanso ngati ndi Windows 10 kapena 11.