Mabwana anandisiyira chithunzi, ndani angandiuze mtengo wake?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene wagwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg kwa zaka zambiri. Mabwana awo posamukira kunja anawasiyira chithunzi chimene chinkakhala pabalaza. Atapita nacho kusitolo yogula zinthu zakale, mwini sitolo anangochiponyera diso n'kunena kuti n'chachabe, koma pomwepo anapisa m'thumba kuti achigule. Funso lawo ndi lakuti: ndipite kwa ndani amene angandiuze zoona?

Mayi, munachita bwino kubwerera nacho kunyumba. Munthu amene akufuna kugula chithunzi chanu asakhale yemweyo wokuuzani mtengo wake, chifukwa mtengowo ukatsika wopindula ndi iyeyo. Wina aliyense wokuumirizani kuti mugulitse lero lomwe, mukaneni.

Musanawononge ndalama ya thiransipoti, chiyang'anitsitseni pawindo masana, ndi galasi lokuza zinthu kapena kamera ya foni. Chojambula ndi penti yamafuta chimaoneka mizere ya burashi, penti itatukuka pena n'kupyapyala pena. Mukaona timadontho ting'onoting'ono tandondomeko ngati pa chithunzi cha m'nyuzipepala, ndiye kuti n'chosindikiza pa makina. M'nyumba zambiri za ku South Africa muli makope otere a zithunzi za wojambula wotchuka Vladimir Tretchikoff. Chithunzi chake chenicheni chotchedwa Chinese Girl chinagulidwa pa mapaundi pafupifupi 1 miliyoni ku kampani ya okushoni ya Bonhams mu 2013, koma makope ake ndi ambirimbiri ndipo mtengo wake ndi wochepa.

Ngati ndi penti yeniyeni, jambulani kutsogolo, siginecha, ndiponso kumbuyo komwe kumakhala timapepala ta masitolo ndi ziwonetsero. Lembani kutalika ndi mulifupi mwake mu masentimita. Tumizani zimenezi ku makampani odziwika a okushoni ya zithunzi. Strauss & Co ili ndi maofesi ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ndipo Bonhams ya ku London imagulitsa kwambiri zithunzi za ku South Africa. Makampani otere amakuuzani mtengo woyerekeza osakulipiritsani, poti iwo amadya komishoni chithunzi chikagulidwa. Pa chifukwa chomwecho ena amakweza chiwerengero kuti akukopeni, choncho funsani awiri kapena atatu, ndipo aliyense akuonetseni zithunzi za wojambula yemweyo zimene zinagulidwa kale ndi mitengo yake. Wodziwa ntchito yake sakwiya ndi funso limeneli.

Mukafuna chikalata cha inshulansi, chimenecho n'cholipira, ndipo mtengo wolembedwamo umakhala wokwera kuposa ndalama imene mungalandire pogulitsa. Gwirizanani malipiro ake ntchito isanayambe. Wonena kuti atenga gawo la mtengo umene iye mwini atchule, musamukhulupirire.

Ndikupempheni ndi mtima wonse: musachitsuke, musachipukute ndi nsanza yonyowa, musachichotse mu felemu ngakhale ikuoneka yakutha. Mu 2015 katswiri wa ku Bonhams anapeza chithunzi cha Irma Stern, wojambula wa ku South Africa, chotchedwa Arab in Black m'khitchini ya nyumba ina ku London, eni ake akupanikizapo makalata ndi mabilu. Felemu yake inali yamatabwa osema a ku Zanzibar, monga mmene Stern ankachitira ndi zithunzi zake za kumeneko. Chinagulidwa pa mapaundi 842,500.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri pa nkhani yanu ndi umboni. Kampani iliyonse yolongosoka idzafunsa kumene chithunzicho chinachokera, ndipo tonse tikudziwa mmene wantchito wa m'nyumba wochokera dziko lina amakayikiridwira akapezeka ndi katundu wamtengo. Alembereni mabwana aja sabata ino, akutumizireni kalata yosainidwa, yokhala ndi deti, yonena kuti anakupatsani ngati mphatso. Afunseninso kumene anachigula, chaka chake, ndiponso ngati lisiti ilipo. Mukakachisiya kulikonse kuti akachipime, musatuluke pakhomo popanda pepala losainidwa losonyeza kuti alandira chithunzi chanu, ndi mmene chinalili pochilandira.