Kwa amayi aku Chilenje ofunsa za kagalu kotupa mimba

Amayi, ndaona funso lanu ndipo ndati ndiyankhe lero lomwe chifukwa nkhani iyi siyodikira kumapeto kwa mwezi. Mwati kagalu munakagula kwa anyamata ogulitsa pa ma robots aja, kali ndi masabata ngati 7, mimba yatupa koma nthiti zikuoneka, chimbudzi chamadzimadzi, komanso kuti kagalu kena kanafa pa yadi pomwepo miyezi iwiri yapitayo katasanza ndi kutsegula m'mimba zamagazi, a neba nkumati pali wina anakapatsa poizoni. Nde mukufunsa kuti mukadyetse chani, mukamwetse mankhwala anji.

Zachakudya ndinena, koma choyamba kanyamuleni mawa mmawa mupite nako kwa a vet. Musayambe mwagula chilichonse ku chemist olo ku agro shop, kaonedwe kaye. Ku UNZA pa Great East Road kuli sukulu ya madokotala a ziweto, Samora Machel School of Veterinary Medicine, ndipo ali ndi kiliniki yomwe munthu wamba amapita ndi galu wake. Ngati uko ndi kutali funsani ofesi ya boma ya vetenale ya district, kapena a Lusaka Animal Welfare Society, a LAWS aja, angakuuzeni kopita. Ma kiliniki a private nawonso alipo ambiri mtauni muno, kungoti funsani mtengo musanalowe kuti musadabwe potuluka. Popita kakulungeni mu thaulo kapena mu katoni, osakatsitsa pansi pa kiliniki pomwe agalu ena odwala aponda.

Chomwe chandidetsa nkhawa kwambiri ndi kagalu kanafa kaja. Sindinakaone, koma kusanza, kukana chakudya, kutsegula zamagazi zonunkha moipa kenako kufa mmasiku ochepa chabe, kwa kagalu kosabayidwa katemera zimenezo nthawi zambiri ndi parvo. Anthu amafulumira kunena poizoni kapena kuti a neba ansanje achita zawo, ubale nkuonongeka zosayenera, pomwe ndi kachilombo chabe. Parvo imadya mkati mwa matumbo, madzi nkumathera mthupi, ndipo kagalu kakatenga lero kamayamba kuonetsa pakadutsa masiku atatu mpaka 7. Kuipa kwake kachilombo aka sikafa msanga, kamakhala mu dothi, pa simenti, mu mbale, pa masaka ogonera kwa miyezi yambiri mwina mpaka chaka, makamaka pamthunzi pachinyezi. Olo nsapato zanu zimakanyamula kuchoka panja kulowa nako mnyumba. Ndiye kuti yadi yanuyo panopa siyabwino kwa kagalu katsopanoka.

Chitani chonchi. Mbale zakale ndi masaka a kagalu kaja tayani, otchani ngati nkotheka. Pa simenti ponse, khonde, khola, kolopani kaye ndi sopo kuchotsa zoipa, kenako thirani Jik, kapu imodzi ku makapu 30 amadzi, musiye mphindi 10 musanatsuke. Mankhwala okolopera onunkhira bwino aja ambiri sapha parvo, Jik ndi amene amagwira. Pa dothi ndi pa kapinga Jik sathandiza kwenikweni, nde kagalu kakhale mnyumba kapena pakhonde lotsukidwa mpaka katamaliza ma jekiseni ake onse. Ndikudziwa ana akufuna kuthamanga nako panja ndi kukaonetsa anzawo mu komboni, auzeni apirire kaye.

Katemera amayamba pa masabata 6 mpaka 8, kenako amabwereza pakapita masabata atatu kapena anayi mpaka kagalu katafika masabata 16. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, abayitsa kamodzi basi nkumati zatha. Jekiseni imodzi siyokwana chifukwa chitetezo chomwe kagalu kanayamwa kwa make chimatha kusokoneza katemera woyambayo, nchifukwa chake amabwereza, ndipo yomaliza ija ya pa masabata 16 ndiyofunika kwambiri. Jekiseni yomweyo imatetezanso ku distemper, matenda aja oti galu amatuluka manthongo ndi mamina okhuthala, kukhosomola, kenako minofu kumangonjenjemera olo kugwa ngati khunyu, ndipo amene wapulumuka nthawi zina amatsala ndi kunjenjemerako moyo wonse. Ngati anyamata ogulitsa aja anakuuzani kuti kanabayidwa kale, funsani khadi lokhala ndi sitika ya katemera ndi sitampa ya vet. Palibe khadi, tengani ngati sikanabayidwe. Komanso musadabwe a vet akakana kubaya mawa lomwelo, kagalu kodwala sikabayidwa katemera, amayamba akachiza kaye.

Pa miyezi itatu pali ya chiwewe. Iyi musaiphonye ngakhale ndalama itavuta bwanji chifukwa apa tikukamba za moyo wa ana anu, munthu akayamba kuonetsa zizindikiro za chiwewe sachira. Lamulo la dziko lino, Control of Dogs Act Cap 247, limafuna kuti galu akhale wolembetsa ndi wobayidwa, ndipo chakumapeto kwa September, pa 28 lomwe ndi tsiku la chiwewe padziko lonse, tcherani khutu chifukwa nthawi zambiri kumakhala makampeni obaya agalu. Wina akalumidwa olo kukandidwa ndi galu wosadziwika, tsukani bala ndi sopo pa madzi oyenda mphindi 15 kenako kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti tione kaye.

Manje za mimba yotupayo. Kagalu koonda nthiti koma mimba ngati ng'oma, ubweya wosawala, kawirikawiri ndi njoka za m'mimba. Tiagalu tambiri timabadwa nazo kale chifukwa zimachoka kwa make tili m'mimba ndiponso kudzera mu mkaka. Zina ndi zazitali zoyera zomwe mungazione mu chimbudzi kapena mu masanzi, zina ndi zing'onozing'ono zosaoneka zomwe zimaluma matumbo nkumayamwa magazi, izi ndi zomwe zimapha msanga. Kwezani mlomo muone nkhama, zizikhala zofiirira bwino, zikakhala zoyera ngati zatha magazi thamangani. Mankhwala a njoka amapatsidwa masabata awiri aliwonse mpaka kagalu katakwana masabata 8 olo 12, kenako mwezi ndi mwezi mpaka miyezi 6, pambuyo pake miyezi itatu iliyonse. Mulingo amatengera kulemera kwa kagalu, nde kayezedwe pa sikelo, osangoyerekeza ndi maso kapena kudula piritsi la galu wamkulu. Chimbudzi chake muziwola tsiku lililonse ndipo ana azisamba mmanja akamaliza kusewera nako chifukwa njoka zina zimalowanso mwa anthu.

Ndaona ena apa akuuzani kuti kamwetseni Panado, ena ati mkaka ndi makala. Chonde amayi musatero. Panado ndi Brufen zimaononga chiwindi, impso ndi m'mimba mwa galu, ndipo kwa kanthu kakang'ono ngati ako theka la piritsi likhoza kukapha. Mkaka wa ng'ombe tiagalu tambiri sitiugaya bwino, umangoonjezera kutsegula komwe mukufuna kuletsako. Ngati kakutsegula koma sikakusanza, mutha kumakapatsa madzi a ORS pang'onopang'ono ndi sipuni kapena syringe yopanda singano usiku uno podikira kucha. Koma kakayamba kusanza chilichonse, kufooka, kugona malo amodzi, magazi mu chimbudzi, pamenepo ndi drip basi, ndipo tiagalu tofika msanga pa drip tambiri timachira ndithu. Tomwe timafa kwambiri ndi tija tosungidwa pakhomo masiku atatu akuyesa izi ndi izi.

Zakudya. Nsima yokha ndi supu wotsala sizikulitsa galu, mimba imadzaza koma mafupa ndi minofu sizipeza kanthu, nchifukwa chake mumaona agalu ena miyendo yopindika. Ngati thumba likulola gulani chakudya cha mmapaketi cholembedwa puppy, osati cha agalu akuluakulu, muzichinyowetsa ndi madzi ofunda masabata oyambawa. Ngati sizitheka musadandaule, agalu ambiri mu Lusaka akula bwino ndi zophika pakhomo. Phikani phala lolimbirako la roller meal, muikemo kapenta wotsuka bwino kuchotsa mchere ndi mchenga nkusinja, dzira lowiritsa, chiwindi pang'ono, nthutumba kapena zamkati za nkhuku zomwe mumapeza ku msika wa Soweto olo ku butchery yapafupi, ndi maungu kapena chibwabwa chophika. Kapenta ndi wabwino chifukwa amadyedwa ndi minga yake yomwe, mafupa a kagalu amapindula. Sawdust ya ku butchery ija, tizidutswa ta mafupa ndi nyama totsala pa makina odulira nyama, anthu amaikonda chifukwa chotchipa, siyoipa koma iziphikidwa bwinobwino ndipo isakhale yokhayo tsiku ndi tsiku, imaumitsa chimbudzi komanso imavunda msanga kukatentha. Pa msinkhu uwu kazidya kanayi patsiku pang'onopang'ono, kakafika miyezi itatu katatu, kuyambira miyezi 6 kawiri. Mukafuna kusintha chakudya sakanizani chakale ndi chatsopano kwa sabata, kusintha mwadzidzidzi nakonso kumatsegula m'mimba. Madzi oyera azikhalapo nthawi zonse, makamaka October uja kukatentha.

Ndiwo zathu zambiri timaika anyezi ndi adyo, izi zimaphwanya magazi a galu pang'onopang'ono, nde zotsala za mmbale zokhala ndi anyezi wambiri zisapite kwa iko. Chokoleti ndi mphesa ayi. Mafupa a nkhuku ophika ayi, amasweka mosongoka nkubaya kukhosi kapena matumbo. Ngati mumatchera makoswe ndi mankhwala, chotsani pomwe kangafike, ndipo khoswe wakufa ndi poizoni muzimukwirira msanga.

Mvula ikayamba mu November nkhupakupa zimachuluka ndipo izi ndi zomwe zimagwetsa ngakhale agalu akuluakulu amphamvu. Zimapereka tick fever, galu amatentha thupi, kusiya kudya, nkhama kuyera kapena kuchita chikasu, mkodzo kuda, ena kutuluka magazi mmphuno. Thupi la galu wabwinobwino limakhala pa 38 mpaka 39 digiri, likapitirira 39.5 pali vuto. Imachizika ndi jekiseni kapena mapiritsi mukafulumira. Muzikafufuza mmakutu, pakhosi ndi pakati pa zala madzulo aliwonse, mukaipeza igwireni pafupi ndi khungu nkuzula molunjika. Nkhupakupa za agalu zimabisala mming'alu ya khoma ndi ya khola, nde kusambitsa galu kokha osasamala pogona zimabweranso. Dip ya ng'ombe musayerekeze pa kagalu kakang'ono chonchi, tambiri tafa nayo tikungotuluka dovu. Funsani a vet mankhwala a utitiri ndi nkhupakupa oyenera msinkhu wake, alipo odontheza pakhosi, opopera ndi mapiritsi, aliwonse ali ndi msinkhu woyambira.

Pali putsi naye, tizithupsa tokhala ndi kabowo pakati, mkati muli mphutsi. Ntchentche yake imaikira mazira pa mchenga wonyowa ndi mkodzo kapena pa nsalu zachinyezi, nde pogona pazikhala pouma, zofunda zake muzichapa nkuyanika pa chingwe padzuwa osati pansi, kusita nkwabwinonso. Kakagwidwa pakani Vaseline pa kabowo, dikirani pang'ono, finyani mofatsa ituluke yonse, tsukani bala. Ubweya ukayamba kuthothoka kakungodzikanda usiku wonse, mwina ndi nkhanambo, ndipo oyilo wakuda wa galimoto amene anthu amapaka uja amaotcha khungu ndipo galu akanyambita ndi poizoni. Mankhwala ake enieni alipo ndipo sachedwa kugwira.

Chinanso kagalu ka masabata 7 kachoka kwa make msanga, kamafunika kukhala nawo mpaka masabata 8 olo kupitirira, nde usiku kazilira ndipo kamazizidwa msanga. Kaikireni katoni ndi bulangeti lakale pakona yopanda mphepo, musakamange pa tcheni, ndipo kakakodza mnyumba musakamenye, ingokatengerani pamalo amodzi omwewo otsukidwa kakangodya kapena kudzuka, kazolowera kokha. Kakakula mudzakambirane ndi a vet zokatseketsa kapena kukafula ngati simukufuna tiana, galu wofulidwa sayendayenda usiku kukamenyana ndi kutenga matenda.

Mukapita mawa tengani chimbudzi chake pang'ono mu pulasitiki, muwauze a vet zonse za kagalu kanafa kaja ndi tsiku lomwe munagula aka, ndipo musachoke opanda khadi lolembedwa deti la jekiseni yotsatira. Detilo ikani pa alamu ya foni. Mukabwerako mutiuze zomwe apeza, ngati ndi njoka chabe ndikuuzani mmene mungaphikire phala lija kuti likwane sabata yonse osaonongeka.