Wobwerera kwawo asapeze anthu akumudikira

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene akulemba sewero la pa TV la magawo 8. M'seweroli mtsikana wabwerera kwawo patatha zaka 12, wapeza mnzake wapamtima ali konko, mwamuna amene anali naye pa chibwenzi alinso konko. Funso lawo ndi lakuti: bwanji gawo loyamba likukoma, koma pofika lachitatu sewero lazizira?

Achemwali, matenda amenewa ndi odziwika, ndipo amandipweteka mtima chifukwa amapha masewero amene akanakhala abwino. Anthu akwawo kwa mtsikanayo mwawaimitsa ngati chithunzi cha pakhoma. Zaka 12 zonsezo akhala akungodikira kuti iye afike. Gawo loyamba limakoma lokha chifukwa kufika kwa munthu kumakopa: watsika ndi chikwama, anthu akudabwa, ena akukumbatira, wina wayang'ana kumbali. Moni akatha mumatsala ndi anthu awiri atakhala pansi kumafunsana kuti, "Ukukumbukira tsiku lija?" Owonera panalibe tsiku limenelo, ndiye amatenga rimoti.

Amene anatsala aja moyo wawo sunaime. Tiyerekeze kuti mnzakeyo ndi amene anasamalira mayi a mtsikanayo akudwala, mwana weniweni akungoimba foni kumapeto a mwezi. Musalembe mkangano wa masamba atatu wofotokoza zimenezi. Mtsikanayo alowe m'khitchini ya mayi ake kufuna kapu, atsegule kabati yolakwika, kenako ina. Mnzakeyo, osacheuka n'komwe, atambasule dzanja, atenge kapu pamalo pake n'kumupatsa. Masekondi 10 okha, popanda mawu, owonera adziwa kale amene wasanduka mwana wa pakhomopo. Kamera ikhale pa nkhope ya wolandira kapuyo, osati pa kapu.

Ndinene mosabisa: msana wa sewero lotere ndi mtsikanayo ndi mnzakeyo, chikondi chimabwera pambuyo. Olemba ambiri amathamangira kuchititsa atsikana awiriwo kulimbirana mwamuna mmodzi chifukwa n'kosavuta kulemba. Ine ndimakana zimenezo. Mukatero mnzakeyo amasanduka mdani wamba, ndipo owonera amadziwa mathero ali pa gawo lachiwiri. Anzake enieni amayambana pa zinthu zowawa kuposa mwamuna: wina sanabwere ku maliro, wina anabwereka osabweza, wina anachoka osatsanzika. Mwamuna wakaleyo nayenso asapezeke ali yekhayekha akulira chibwenzi cha kusukulu. Akhale ndi mkazi wabwino amene owonera angamukonde, kapena mwana, kapena chifukwa chomveka chosafunanso kupwetekedwa. Chikondi chopanda chotchinga chimatha m'mphindi 5.

Pali msampha wina umene ndikudziwa kuti ukukuyitanani, wa ma flashback, kuonetsa pa kanema zomwe zinachitika kale. Nkhani ikauma, wolemba amathawira ku zakale. Pa pepala sizidula kanthu, koma tsiku lojambula mufunika osewera ena achichepere ofanana nkhope ndi akuluwo, kapena omwewo atasintha tsitsi ndi zovala. Foni ya m'manja, galimoto yodutsa kumbuyo, zonse ziyenera kukhala za zaka 12 zapitazo, ndipo owonera amagwira cholakwika chimodzi chokha n'kuiwala nkhani yonse. Choipa kwambiri n'chakuti flashback imaimitsa zomwe zikuchitika lero. Imodzi pa gawo, yosapitirira mphindi imodzi, yakwana, ndipo ionetse chinthu chotsutsana ndi zomwe munthu wangonena kumene.

Popeza tafika pa kujambula, masewero otere amadalira kulankhula motsitsa, ndiye mawu akaipa zonse zaipa. Maikolofoni ya pa kamera ili mamita atatu kuchokera kwa wosewera imatola mphepo ndi phokoso la chipinda kuposa mawu ake. Gwiritsani ntchito boom, maikolofoni yomangirira ku ndodo yaitali, ikhale pamwamba pa mutu pafupifupi theka la mita, yoloza pakamwa, kunja kwa chithunzi. Pamalo aliwonse mujambulenso masekondi 30 onse ali chete, kuti wolumikiza zithunzi atsekere mipata. Ndipo anthu awiri akamayankhulana, kamera isawoloke mzere wongoganizira wowalumikiza; ikawoloka, onse amaoneka ngati ayang'ana mbali imodzi.

Zoti muchite ndi magawo muli nawowo

Mpatseni mtsikanayo chomwe wabwerera ndi tsiku loti achoke. Wabwera kudzagulitsa nyumba ya makolo ndipo tchuthi chake ndi masabata 6. Tsopano gawo lililonse likudya masiku ake, ndipo wina pakhomopo sakufuna kuti nyumba igulitsidwe.

Tsamba limodzi la sikiripiti limatenga pafupifupi mphindi imodzi pa kanema, choncho gawo la theka la ola ndi masamba 22 mpaka 26, nthawi yotsalayo ndi ya otsatsa malonda. Mmenemo mulowa zochitika 12 mpaka 15. Lembani chochitika chilichonse pa kapepala kakekake: ndani akufuna chiyani, ndani akukana, chasintha n'chiyani pomaliza. Kapepala kopanda chosintha kang'ambeni, ngakhale mawu ake akhale okoma chotani. Ndikukhulupirira kuti theka la gawo lanu lachitatu lipita pamenepa. Chinsinsi cha chomwe anachokera musachisunge mpaka gawo lomaliza. Chiululike pa gawo 4 kapena 5 kuti otsalawo aonetse zotsatira zake. Mukamaliza, itanani anthu anayi awerenge gawo lachitatu mokweza, inu muli chete ndi wotchi m'manja, n'kumalemba tsamba lililonse pamene wina wayamba kuyang'ana pa foni.